Fuko la M'dimba la Achemwali

Achemwali anga saloledwa kudyetsa mdzukulu wawo. Mwanayo amakhala kuseri kwa mpanda wa waya, akalira amamumva ali m'khitchini mwawo, koma ngakhale kachidutswa ka buledi sangamupatse. Ndikamaikamba nkhaniyi mtima umandiwira, ndipo mpaka lero sindikudziwa woti ndiyambe kumukalipira.

Mayi amenewa moyo wawo wonse wathera pa simbi. Ankasita zofunda ndi nsalu za patebulo ku hotela, m'chipinda chapansi chopanda windo, mpaka zala zinapindika. Amuna awo atamwalira anatsala ndi mwana mmodzi wamkazi komanso kamalo kuseri kwa nyumba, pamene alamu anga ankasungapo galimoto yakufa. Chigalimotocho chitachoka, achemwali anatola misomali ndi magalasi osweka, dothi lonse n'kulisefa pamanja. Anadzala karoti, anyezi, mbatata, ndipo pakati anasiyapo kapinga pang'ono, wokwana kuyalapo bulangeti. Kapinga ameneyo ankamumeta ndi sizasi. Sizasi yosokera, atagwada! Ine ndinkawaseka kuti tsiku lina adzamusitanso.

Ndiye panabwera amphaka. Mwini wawo ndi mayi wa nyumba yoyandikana, amene ali ndi saluni pakhonde pake ndipo amphakawo amawatcha ana ake. Ana akewo dothi losefa lija analisandutsa chimbudzi. Achemwali akafesa mbewu lero, mawa apeza pafukulidwa, fungo lili guu. Anamwaza makoko a malalanje, amphaka n'kugonapo. Anawaza tsabola, woyetsemula n'kukhala iwo omwe. Anayala nthambi za minga, zinabaya ine. Wina anawanamiza kuti mphaka amaopa botolo la madzi likamanyezimira padzuwa, ndiye anandandalika mabotolo kuzungulira dimba lonse, ndipo msewu wonse unayamba kuwatcha Mayi Mabotolo. Chimene chinathandizako ndi waya wa khola la nkhuku woyala pamwamba pa mabedi a mbewu, poti mphaka safuna kukanda pa waya. Koma chimphaka chimodzi chotuwa, chonenepa ngati pilo, chinkangodutsa pamwamba pa wayayo n'kukadzithandiza pa kapinga.

Mwana wa achemwali, amene ndi mwana wanganso, anakakonda mwana wa mayi wa saluni yemweyo, mnyamata wowotcherera zitsulo. Anthuwo ndi a fuko lina, ndipo achemwali poyamba anang'ung'udza kuti, "Kodi anthu amenewa tidzamvana nawo?" Anandiuza ine ndekha, koma mawu ali ndi njira zawo zofikira ku saluni. Banja linamangidwa ndithu, anawo n'kukhala m'zipinda zakuseri kwa mayi wa saluni, ndipo adani a amphaka anasanduka asewere. Kutabadwa kamtsikana kamene timakatcha Kamano, chifukwa kakaseka kamaonetsa timano tiwiri, mkamwini anadula mpanda n'kuwotchererapo kageti. Mayi ake akapita kuntchito kusitolo, Kamano ankaswera pa kapinga wa agogo ake. Achemwali ananenepa chaka chimenecho. Ndinawamva akuimba, munthu amene sindinamumvepo akuimba ngakhale pa ukwati wake womwe.

Kenaka panatulukira mdani wina, wa pansi pa nthaka. Ena amati mfuko, koma ife tinakula tikuti fuko, dzina limodzi ndi fuko la anthu. Ndi kanyama kokhala ngati khoswe, kamano panja, maso osaoneka, kamene kamakumba njira pansi n'kumadya mizu. Pa kapinga panayamba kumera timilu ta dothi. Ukati uzule karoti, umangotsala ndi masamba m'manja. Achemwali anathira madzi m'mauna, madzi n'kungolowa osabwerera. Anafukiza utsi, utsi n'kutulukira kwa asewere. Anatchera msampha, fuko n'kuukwirira ndi dothi. Mkamwini anati akumbe pansi ayalepo waya, iwo anakana kuti kapinga wawo sakhudzidwa ndi khasu la munthu wina. Tsiku lina Kamano, amene anali atangoyamba kuyenda, mwendo unalowa m'dzenje, anagwa n'kung'ambika mlomo. Apa m'pamene achemwali anapita kukagula mankhwala a makoswe.

Ndinawaletsa. Ndinati, "Achemwali, pabwalo pamene pamakwawa mwana?" Anati adzaika pansi penipeni, mkati mwa karoti, ndipo ine ndisiye kuwaphunzitsa ntchito ngati kuti ndinalimapo kalikonse.

M'mawa wina Loweruka anadzuka n'kupeza chimphaka chotuwa chili pa kapinga, anachiponyera nsapato. Atatembenuka anaona mulu watsopano pa mbatata, m'munsi mwa mpanda. Anaima pamenepo khasu lili m'manja n'kukuwa kuti, "Fuko limeneli ndilimaliza! Ndilithirira mankhwala kuti life lonse, ndi ana ake omwe!"

Kuseri kwa mpanda asewere anali akuluka mutu wa kasitomala, amayi ena ali pabenchi kudikira. Asewerewo anakulira m'nyumba zosanjikana, fuko lokumba pansi sanalionepo chibadwire. Anaika chipeso pansi n'kubwera pa waya.

"Asewere, fuko lake liti limeneli?"

Apa munthu wanzeru akanangoti, kanyama aka. Achemwali anga ayi. Analoza ndi khasu kumene unawo unkachokera, komwe ndi pansi pa mpanda, pamapazi penipeni pa asewere, n'kunena kuti, "Lomwe likundidyera thukuta langali. Simukuliona?"

Nkhaniyo inandipeza kumsika isanakwane nthawi ya nkhomaliro, itamera kale nthambi. Ndinathamanga. Ndinati, "Pitani mukafotokoze, pompano!" Anati, "Ndikafotokoze chiyani? Munthu wamkulumkulu osadziwa fuko?" Ndinawachonderera, ndinawanyoza, ndinamenyetsa chitseko. Iwo anangotenga sizasi yawo. Amaumatu mutu mayi amenewa, kuyambira tili ana.

Sabata isanathe chimphaka chotuwa chinafa. Mbewa inali italowa m'una, inadya karoti wa mankhwala, mphaka n'kudya mbewayo. Asewere analira ngati pagwa maliro a munthu, ndipo tsiku lomwelo mkamwini anatulutsa makina ake n'kuwotcherera kageti kaja kuti kasatsegukenso. Mwana wathu anaima pambali atabereka Kamano, akungoonerera. Kungoonerera! Mwana amene mayi ake anapindika zala kuti iye aphunzire.

Ine ndinakwiya mpaka ndinavula nsapato n'kugwira khasu. Tinakumba ndi achemwali kutsatira una, mbatata zikuuluka, mpaka tinalipeza fukolo lili moyo, lonenepa, mankhwala osawalawa n'komwe. Ndinaliponya mu ndowa n'kukalitula pakati pa saluni.

"Fuko lake ndi ili," ndinatero. "Liyang'anitsitseni. Ndi mbale wanu ameneyu?"

Amayi a pabenchi anakwera pabenchipo, wina thaulo likugwa kumutu. Mayi wina wachikulire anasuzumira mu ndowa n'kuseka, akuti ndi fukodi, kwawo analiko ambiri. Ndinaganiza kuti zatha. Asewere anayang'ana mu ndowamo, kenaka anati, "Chabwino, chilombocho ndachiona. Nanga mphaka wanga wafa ndi chiyani? Mwana amakwawa pamenepo, chilichonse amaika m'kamwa. Akanatola mbewayo ndi iye, bwenzi mutandibweretsera chiyani mu ndowa?"

Ndinanyamula ndowa yanga n'kutuluka, ndipo chimene chimandipsetsa mtima kwambiri ndi ichi. Mayiyu anali atamva zolakwika, atafalitsa zabodza msewu wonse, koma pamenepa sananame.

Achemwali atamva yankholo anatenga khasu n'kutipula kapinga yense, okha, osalola ndiwathandize. Dothi la pamwamba analiwola n'kukalitaya, mankhwala otsala anawabweza kumene anagula. Anapita okha kwa asewere kukapepesa za mphaka, munthu amene chibadwire sindinamuonepo akupepesa. Asewerewo anawalandira bwino, anawapatsa mpando, moni amapatsana. Koma kageti ndi kowotcherera mpaka pano, ndipo mwana wathu akamapita kuntchito Kamano amatsala ku saluni, pakati pa tsitsi lometedwa ndi mankhwala owongolera tsitsi. Amenewo si mankhwala kodi?

Lamlungu lapitali ndinali kwa achemwali, titakhala pa dothi pamene panali kapinga. Kamano anabwera pa waya n'kulowetsa kadzanja, akuitana agogo. Achemwali anadzuka msangamsanga, anatenga nthochi m'thumba langa, yomwe ndinali nditangogula kumsika, yosasenda n'komwe, n'kumupatsira pa waya. Mwana wathu anatulukira pomwepo. Anailanda m'manja mwa kamwanako, anaitembenuza, n'kuinunkhiza. Kenaka anaiika pamwamba pa mtengo wa mpanda.

"Wadya kale, amayi," anatero, maso ali pansi.

Ndinadzuka kuti ndimulalatire mpaka msewu wonse umve, koma achemwali anandigwira mkono ndi zala zawo zopindika zija.

"Musiye," anatero. "Akulera bwino. Ndikanakhala ine, ndikananunkhizanso."