Andifufutira Nkhope ya Amayi ku Kanyama

Shopu ya makompyuta ya pafupi ndi siteshoni ya maminibasi ku Kanyama yandiphera amayi kachiwiri.

Amayi anatisiya chaka chatha. Chithunzi chawo chinali chimodzi chokha, chimene anajambulitsa atavala duku loyera la kumpingo. Pa maliro, achimwene anga a Yohane anapita nacho kushopuko kuti achilowetse mu kompyuta, atipangire mapepala a mwambo wa maliro. Mapepalawo anatuluka nkhope ili bii ngati khala, koma mwini shopu anatilimbitsa mtima. Anati chithunzi chenicheni chili bwinobwino m'makina, ndipo za makasitomala sataya.

Kenako dzinja linafika. Kanyama mumaidziwa. Madzi analowa m'nyumba mpaka m'mawondo, chithunzi chija chinasanduka phala m'sutikesi.

Loweruka likubwerali tikuvundukula chiliza. Wosema mwala wasiya malo oti amatepo nkhope ya amayi. Abale a ku Ntcheu, kumene makolo athu anachokera, ali kale m'njira. Achimwene amayendetsa thiraki, ali kumalire uko, foni sikugwira. Ndiye Lolemba m'mawa ndinasiyira mnzanga tebulo langa la salaula, zovala za kaunjika, n'kuthamangira kushopu.

Pakauntala ndinapeza bambo wina wa tayi, dzina lake Kelvin, akutafuna chingamu.

"Musavutike ba mami," anatero. "Taikamo pulogalamu ya nyowani yosakila vinthu. Mulemba chabe zina, ichosa vonse, mafayilo, maimelo, vonse. Zina yao ni ndani?"

Ndinati alembe Nangozo.

Anaseka mpaka chingamu kuonekera. "Iyo ni zina olo ni mankhwala? Kompyuta siiziba va kumunzi. Nipaseni zina ya pa reji, ya pa chitupa ya boma."

Ndinamufotokozera mwaulemu. Kwathu mwana satchula dzina la mayi ake. Ngakhale malemu bambo ankawaitana ndi mfunda wawo, Nangozo. Amene analemba dzina pa fayiloyo ndi achimwene, ndipo dzanja lawo lingachite kuuma asanalembe dzina la ubatizo la amayi. Kelvin ankangogogoda tebulo ndi cholembera. Ndikanatani? Ndinatchula dzinalo, koyamba chibadwire, pakati pa anthu achilendo. Lilime linandiwawa.

Analemba. Palibe chinatuluka.

"Mwaona? Palibe. Kapena ikali kubelenga mafayilo. Bwelani mailo."

Ndinapempha kuti angoyesa linalo kamodzi kokha. Anati ndikuchedwetsa mzere. Mzere wake uti? Munthu mmodzi amene ankafuna kuona zotsatira za mpira!

Lachiwiri ndinapitanso. Kompyuta ija ndinaipeza yozima, yofunditsidwa chitenje ngati ikumva malungo. Akuti amazimitsa pofuna kusunga magetsi. Akutinso pulogalamuyo imawerenga mafayilo pokhapokha makina akayaka. Nanga munandiuziranji kuti ndibwere mawa? Imawerenga kutulo? Kelvin anati andiyatsira tsiku lonse, ndibwere Lachinayi. Ndinamuuzanso za Nangozo. Anati wamva, maso ali pa foni.

Masiku amenewo chakudya sichinkatsika. Pamsika ndinkangoyendayenda, kasitomala akafunsa siketi ndikumupatsa thalauza.

Lachinayi ndinapeza mwini shopu, a Mwape, atakhala pakhomo akuwerenga nyuzipepala. Anandilonjera mosangalala ngati pali ukwati.

"Ija mashini yenze slow maningi, mami. Mailo, pa Chitatu, ba technician banachosamo vakudala vonse. Manje ithamanga!"

Ithamanga. Ithamangira kuti?

Sindinapemphenso chilolezo. Ndinakankha mpando n'kukhala pa kompyutapo ndekha. Ine makina amenewa sindinawagwirepo. Ndinafunafuna zilembo za dzina la Nangozo ndi chala chimodzi, Kelvin ataima kumbuyo kwanga akung'ung'udza kuti ndiononga. Nditamaliza ndinamuuza kuti adine pofunika kudina.

Pa kompyutapo panatuluka kanthu nthawi yomweyo. Pamwamba panalembedwa kuti "Nangozo wathu", mmene achimwene analembera. Pambali pake kachithunzi kakang'ono ngati chikhadabo. Duku loyera lija. Amayi.

Ndinakuwa kuti tsegulani. Anadina. Anadinanso. Makina anati fayiloyo kulibe.

Apa mpamene Kelvin anayamba kulankhula motsitsa mawu. Akuti pulogalamuyo imasunga kamthunzi chabe ka zimene inaziwerengapo, koma chithunzi chenicheni chinapita ndi zakale zija. Ndinamufunsa kuti kamthunziko inakatenga kuti ngati Lolemba kunalibe. Ndiye kuti amayi anali momwemo Lolemba. Anali momwemo Lachiwiri, pansi pa chitenje. Ankangodikira munthu woti awaitane ndi dzina limene ankayankha.

Ndinalira pomwepo, ndipo manyazi ndinalibe. Mukudziwa zimene a Mwape ananena? "Pepani mami. Tizakupasani ola imozi ya intaneti mahala, osalipila." Ola limodzi! Ndikaonepo ndani?

Ndinawauza kuti asindikize kachikhadabo komweko. Atakakulitsa panatuluka timabokosi totuwa, opanda maso, opanda pakamwa. Wosema mwala atapaona anangopukusa mutu n'kundibwezera pepala. Mwana wanga wotsiriza wayamba kale kufunsa kuti ambuya ankaoneka bwanji. Ndimuonetse timabokosi?

A Mwape, ndiyankheni. Munthu akamafufuza chinthu m'makina, mumafufuta bwanji asanachipeze? Ndani anakuuzani kuti zakale ndi zinyalala? Pulogalamu munaiika yodzitamira nayo kapena yothandizira anthu?

Inu a ku Kanyama, Chawama, Matero, ngati muli ndi chithunzi, satifiketi kapena imelo m'makompyuta a m'mashopu awa, pitani lero lomwe akakuikireni pa CD, mutenge m'manja. Akamafufuza, imani pomwepo mpaka alembe dzina limene inu mwanena.

Ba Kelvin, Loweruka mubwere kumanda, ndi tayi yanu yomweyo. Tikachotsa nsalu, mudzaona malo ozungulira pamwala, osalala, opanda nkhope. Mudzawafotokozere a ku Ntcheu kuti makina akuthamanga. Pansi pa malowo ndauza wosema alembe Nangozo. Iye sanaseke.