Chigubu cha Oilo wa Chopereka

Ndimakonza mainjini a maboti ku Biwi, kumene kulibe nyanja. Anthu amaseka akamva zimenezi, koma asodzi a ku Salima ndi ku Nkhotakota njira ya ku shedi kwanga amaidziwa. Nyanja yanga ndi mgolo wodula pamwamba, wodzaza madzi a pampopi. Ndimakoleka injini m'mphepete mwake, mwendo wake n'kumira m'madzi, ndiye n'kuiliza. Ikazima mumgolo, ndimangotenga sipanala. Ikazima pakati pa nyanja mphepo ya mwera ili mkati, sipanala sathandiza munthu.

Mpingo wathu uli ku Kawale, ndipo uli ndi nthambi kunyanja, pamudzi wa m'tsinde mwa phiri kumene msewu sufika. Chaka china tinagulira abale a kumeneko injini yakale, kuti boti lawo lizinyamula mlaliki, odwala ndi amayi oyembekezera popita kuchipatala. Anandipatsa ine kuti ndiikonze. Ndinakhala nayo masabata atatu mpaka inayamba kulira bwinobwino.

Injini za mtundu umenewu zilibe malo osungira oilo monga galimoto. Oilo amasakanizidwa ndi petulo, n'kupsera limodzi m'katimo. Ndiye pamafunika oilo wopangira injini za m'madzi, amene akapsa sasiya phulusa. Wa galimoto kapena wa njinga ya kabaza amasiya mwaye umene umatseka pulagi ndi kumata maring'i. Ngakhale wa jenereta yaing'ono, amene nayenso amasakanizidwa ndi petulo, anapangira injini yotentha kwambiri yozizira ndi mphepo. Dzina la kampani ine sindilisamala. Ndimatembenuza botolo n'kuyang'ana chizindikiro chosonyeza kuti ndi wa boti.

Ndinauza akulu a mpingo kuti injini ipite ndi oilo wokwanira miyezi ingapo. Lamulungu lotsatira, mkulu wina amene ali ndi njinga zamoto za kabaza analengeza kuti aliyense abweretse oilo monga chopereka. Anangoti oilo, basi. Ndinamva ndi makutu angawa ndipo ndinakhala chete. Ndinkati ndidzasankha mabotolowo pambuyo pake.

Ndinaiwala mwambo wathu womwe. Makolo amene anayambitsa mpingowu anabwera nawo kuchokera ku Ntcheu ndi ku Dedza: chopereka cha zinthu timathira pamodzi. Ufa wa pamaliro umalowa m'dengu limodzi, chimanga cha masika pamulu umodzi, kuti pasadziwike wabwera ndi ndowa ndi wabwera ndi kapu. Mwambo umenewu ndimaukonda. Unandibisapo manyazi zaka zimene ndinalibe kanthu.

Tsiku la chopereka ndinapeza chigubu chachikulu chabuluu kutsogolo, fanulo ili pakamwa pake. Anthu anandanda akuimba. Ndinaona oilo wa minibasi akulowa, wa njinga zamoto, wa jenereta, wina wa m'botolo la zakumwa lopanda pepala. Mabotolo awiri okha ndi amene anali a boti. Abusa anasanjika manja pachigubucho, mpingo wonse unati ameni.

Lachitatu m'mawa mkulu wa njinga uja anafika ku shedi ndi galimoto, chigubu chili kumbuyo.

"Amakanika, kwezani injini. Mawa ikupita."

"Injini ipita, abambo, koma chigubucho chitsala."

Anaseka, poyesa kuti ndi nthabwala. Ndinawafotokozera zonse, mpaka kuwaonetsa pisitoni yakale yokutidwa ndi mwaye imene ndimasungira asodzi osamva.

"Oilo ndi oilo, achimwene," anatero. "Njinga zanga zimafika ku Likuni ndi oilo yemweyu."

"Njinga ikazima pa Likuni, wokwera amatsika n'kuyenda pansi. Panyanja atsikira pati?"

"Ndiye inu mwaposa pemphero la abusa? Oilo ameneyu ndi wodalitsidwa. Kapena ku Biwi kuno mwatsegula mpingo wanuwanu wa masipanala?"

Anzanga a magalaja oyandikana nane anaseka. Ine sindinaseke. Ndinawakumbutsa kuti Ambuye wathu ataikidwa pamwamba pa kachisi anakana kudumpha, ngakhale angelo analipo. Kenaka ndinatenga sipanala, ndinamasula pulopela, chitsulo chozungulira chimene chimakankha madzi, n'kuiika m'chikwama changa.

"Injini ndi ya mpingo, itengeni," ndinatero. "Koma sindiipereka yoyenda kuti ikamwe zimenezo."

Anachoka atakwiya, injini n'kuisiya. Madzulo ake uthenga unandipeza woti Loweruka ndikaonekere pamaso pa akulu.

Lachisanu masana kunabwera mayi wina wachikulire wa mumpingo mwathu, wamasiye, amene amagulitsa makala ku Mgona. Anayenda wapansi mtunda wonsewo. Ndinawapatsa mpando, koma anakana kukhala.

"Ndamva kuti mwanyoza oilo wa amphawi," anatero. "Botolo la zakumwa lija linali langa. Ndiuzeni zoona, mwana wanga. Ndi langa limene laononga?"

Ndikanatha kuwanamiza, koma ndinaopa Mulungu.

"Amayi, lanu ndi limodzi mwa amene sangalowe mu injini. Koma si lanu lokha. Ngakhale la a mkulu a njinga aja silingalowe."

Mayiwo anandiyang'ana m'maso.

"Ndiye inu munali kuti polengeza paja? Munadwala pakamwa? Ndinafunsa mnyamata wa pamsika kuti ndikufuna oilo, anandipatsa ameneyo. Mukanangoima n'kunena, bwenzi nditafunsa wa boti."

Ndinakumbukira zimene Mawu amanena. Mlonda amene waona lupanga likubwera osaliza lipenga, mlandu umakhala pamutu pake. Ndinawapepesa mayiwo, ndipo ndinawaperekeza mpaka pokwerera minibasi.

Loweruka tinakumana m'kachipinda ka kuseri kwa tchalitchi. Chigubu anachiika pakati ngati mboni. Mlandu wanga unali wonyoza chopatulika ndi wosunga katundu wa mpingo popanda chilolezo. Akulu anati ndipepese pamaso pa mpingo, ndibweze pulopela, nkhani ithe. Ndikakana, ndisiye kuwerenga Mawu kutsogolo, ntchito imene ndinaigwira zaka zambiri ndipo ndinkaikonda kuposa masipanala.

Ndinaimirira.

"Abusa ndi inu makolo anga, kupepesa ndipepesa, koma pa chinthu chimodzi: ndinakhala chete tsiku lolengeza. Tchimo limenelo ndi langa. Za chigubu ichi sindipepesa. Mulungu analandira mtima wa aliyense amene anathiramo, zimenezo sindikukayika. Koma injini siwerenga mitima. Boti limeneli lidzanyamula mayi woyembekezera amene matenda amuyamba. Ikakazima pakati pamadzi, ife tidzakhala tili ku Kawale kuno, nsapato zili zouma."

Ndinatulutsa pulopela n'kuiika patebulo, dzanja langa lili pomwepo. Ndinatembenukira kwa mkulu wa njinga uja.

"Abambo, ngati mukuti oilo ndi oilo, nayi. Koma ulendo woyamba mukwere inuyo, pamodzi ndi amayi akunyumba ndi adzukulu. Inenso ndikwera, ndikhale kumbuyo ndi chopalasira."

Mkulu wina wokalamba, amene anagwirapo ntchito padoko la Chipoka ali mnyamata, anatsokomola n'kunena kuti mwezi uno ndi wa mwera. Mkulu wa njinga anayang'ana chigubu, anayang'ana pulopela, kenaka anati iye ali ndi shuga, madokotala anamuletsa maulendo ataliatali. Palibe anaseka, koma palibenso anatambasula dzanja kutenga pulopelayo.

Chigamulo chinatuluka pawiri. Injini ipite ndi oilo amene ine ndisankhe. Koma chifukwa cholankhula mwamwano kwa mkulu, ndikhale pansi miyezi itatu osawerenga Mawu. Ndinati zikomo.

Lolemba mkulu wa njinga uja anabweranso kudzatenga injini. Anandipeza ndi mabotolo a oilo wa boti a makampani awiri, chifukwa sitolo yoyamba inali ndi ochepa. Ndinkayeza motsatira muyeso wa injiniyo, oilo wochepera pang'ono theka la lita pa malita makumi awiri a petulo, ndipo botolo lina litatha ndinapitiriza ndi la kampani inayo.

"Aa! Si uku mukusakaniza inunso?" anakuwa.

"Awa ndi a ntchito imodzi, abambo. Angosiyana mayina."

Ndinamanga pulopela, ndinailiza injini mumgolo iye akuona, ndipo tinainyamula awiri kuikweza m'galimoto. Pamabotolo otsalawo ndinamangirira kalata yopita kwa mlaliki yofotokoza muyeso ndi chizindikiro choyang'ana pogula.

Chigubu chija sitinachitaye. Matabwa a denga la tchalitchi anali atayamba kudyedwa ndi chiswe, ndiye ndinapempha kuti ndiwapake oilo ameneyo. Ndinakwera ndekha ndi bulashi Loweruka lina. Kwa masabata angapo tchalitchi chinkanunkha ngati galaja, anthu n'kumandicheukira. Ine ndinali pabenchi lakumbuyo, Buku lili pamiyendo, wina akuwerenga kutsogolo ndime zimene ndikanawerenga ine. Zinkandipweteka, sindinama. Mayi wa makala uja ankakhala mbali ya amayi, moyang'anana nane. Lamulungu loyamba analoza kudenga ndi chibwano, ine n'kugwedeza mutu kuti inde, wanu uli pomwepo.

Miyezi itatu itatha akulu a mpingo anandifunsa ngati ndaphunzirapo kanthu. Ndinati ndaphunzira: tsiku lina akadzalengeza zolakwika, ndidzaimirira pomwepo, chilengezo chisanathe.