Tsiku Limene Amalume Anatsegulira Maphunziro Athu

Amalume anasiya kundilankhula chaka chimene ndinasiya koleji. Sanakalipe, sanaitanitse abale kuti tikambirane. Anangondichotsa pa anthu opatsidwa moni. Tikakumana pamaliro kapena paukwati, ankapereka dzanja kwa wakumanzere kwanga, kenaka kwa wakumanja, ine n'kundilumpha ngati chithaphwi. Ndi iwo amene ankandilipirira sukulu bambo atamwalira, ndiye ufulu wondilumpha anali nawo.

Masiku amenewo ndinkakhala ku Chinyonga, m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba ya eni ake, ndipo ndinkadzitcha katswiri wopanga mapulogalamu a pafoni. Palibe anatsutsa, poti palibe ankadziwa kuti n'chiyani. Tinalipo angapo otere mu Limbe, anyamata ndi atsikana, aliyense ndi loto lopanga pulogalamu yochezerapo ya Amalawi okhaokha, aliyensenso ndi laputopu yakaunjika ya batire lakufa, yoti ukangozula chaja yazima pomwepo. Ndinaganiza zotisonkhanitsa Loweruka lina kuti tiphunzire pochita, osati pomvera. Aliyense alembe ndi zala zake mpaka uthenga uchoke pafoni ina n'kukafika pa inzake. Basi.

Malo anatibwereka bambo wina wachimwenye wa sitolo yopikulitsa katundu, amene ndinkamukonzera makompyuta. Chinali chipinda cha pamwamba, chosungiramo makatoni a sopo.

"Chipinda tengani, achimwene," anatero. "Koma Loweruka magetsi azima masana, mwamva? Jenereta ndi ya pansi pano. Pamwamba siifika."

Ndinati tilawirira, akamadzazima ife titamaliza.

Kenaka ndinachita chimene aliyense wokonza chochitika m'dziko muno amachita asanaganize n'komwe: ndinafuna mlendo wolemekezeka. Ndinasankha amalume. Anagwira ntchito m'boma mpaka kupuma, misonkhano ya m'mahotela anaikhala yosawerengeka, suti anali nayo. Koma chimene ndinkafuna kwenikweni n'choti andione nditaima kutsogolo kwa anthu, mwina n'kudzandipatsanso moni. Uthenga ndinatuma amayi, mlongo wawo. Yankho linabweranso ndi amayi: abwera.

Loweruka lija anthu anafika msanga, chinthu chimene sindinachionepo mu Limbe. Makatoni tinawasandutsa mipando, machaja onse tinawalumikiza ku soketi imodzi, kabokosi ka intaneti tinakapachika pazenera pamene netiweki inkagwira. Mpando weniweni unalipo umodzi, wapulasitiki. Ndinauika kutsogolo n'kuufunditsa chitenje cha amayi.

Amalume osaoneka.

"Akulu, tiyambepo," anatero mtsikana wina wa ku Kanjedza, amene anali atapempha tchuthi kuntchito kuti abwere. "Akabwera atipeza."

"Sizingatheke," ndinatero. "Maphunziro sanatsegulidwe."

"Ndiye magetsi mwawauza kuti adikire?"

Anthu anaseka, koma palibe anayamba, ngakhale iyeyo. Tonse tinaleredwa chimodzimodzi. Munthu wamkulu akakupezani mutayamba kale, ndiye kuti mwamuuza kuti wangovutika kuvala suti. Tinakhala pamakatoni paja, malaputopu ali yasa, kumvera oitanira minibasi pansi paja. Wina anayamba kuonera mpira wadzulo pa bandulo yathu. Sindinamuletse.

Amalume anafika dzuwa litakwera ndithu, nyuzipepala ili m'khwapa. Tinaimirira. Anakhala pachitenje, n'kundiyang'ana, n'kulankhula nane koyamba chisiyireni koleji:

"Wopemphera ndani?"

Wopemphera sindinakonze. Anasankha okha mnyamata wina wa nkhope yachikhristu, ndipo mnyamatayo anayambira pa kulengedwa kwa dziko. Atati amen, amalume anamva kuti pakati pathu pali Asilamu, ndipo anagamula kuti chilungamo n'chakuti naonso apemphere. Kenaka aliyense aimirire, atchule dzina, mudzi ndi mfumu yaikulu ya kwawo. Wina atatchula kwawo, zinapezeka kuti amalume anagwirako ntchito, ndipo tinamva mbiri yonse ya mlatho wa kumeneko.

Ine ndinaima pafupi ndi soketi, maso pa kanyali kofiira kosonyeza kuti magetsi alipo. Kuwadula mawu ndikanatha. Mtsikana wa ku Kanjedza uja ankandiyang'ana akugogoda pamkono pake, pamene pamakhala wotchi. Ndinayang'ana kumbali. Ndisakunamizeni kuti mumtima munali nkhondo. Munangoti zii.

Tsono anayamba kulankhula kwenikweni. Za achinyamata ndi chitukuko. Za mmene iwo ankatumizira telegalamu ku positi ofesi munthu osadandaula. Za kuipa kwa kudya uli pafoni. Ali mkati mwa telegalamu muja, kanyali kofiira kanazima. Malaputopu onse anada kamodzi. Pansi jenereta inatsokomola n'kuyamba kulira. Amalume anangokweza mawu kuti aipose.

"Mphwangayu," anatero, akundiloza ndi nyuzipepala, "tinkati watayika. Koma taonani lero. Wasonkhanitsa anthu!"

Ndinadikira kuti ndimve kanthu m'thupimu. Ndinamva fungo la sopo.

"Ndi mawu ochepawa, ndikulengeza kuti maphunziro ano atsegulidwa."

Tinaomba m'manja. Tinaomba bwino ndithu, poti manja analibe ntchito ina. Kenaka tinatsikira panja kukajambulitsa, amalume pakati, ife m'mbali titanyamula malaputopu ozima kuti aoneke pachithunzi.

Anthu anayamba kukulunga machaja. Mmodzi anafunsa ngati pali setifiketi. Mtsikana wa ku Kanjedza anaima pamakwerero, chikwama kumsana.

"Akulu, tchuthi changa chija ndachidyera pa mlatho. Ulendo wina mudzandiimbire akamaliza kutsegulira."

Ndinati chabwino. Ulendo winawo sunakhalepo, ndipo sanandifunsenso.

Amalume ndinawaperekeza ku depoti. Pokwera minibasi anandigwira dzanja ndi manja awo onse awiri, osalisiya msanga, kondakitala mpaka kumenya chitseko.

"Zayenda bwino kwambiri, mphwanga. Kungoti mlendo wolemekezeka umamuikira madzi akumwa. Udzakumbukire."

Chiyambire tsiku limenelo amandipatsa moni paliponse. Pamaliro amandikoka malaya n'kundionetsa kwa anzawo opuma pantchito: uyu ndi mphwanga, amachititsa misonkhano ya makompyuta. Chithunzi chija anachiika m'felemu, chili pakhoma pabalaza pawo, pafupi ndi cha ukwati.

Nditabwerera kusitolo kuja ndinabweza makatoni m'malo mwake, n'kupinda chitenje cha amayi. Mwini sitolo anandipeza ndikutseka chitseko.

"Bwanji achimwene, mwaphunzira?"

"Tatsegulira," ndinatero, n'kumupatsa kiyi wake.