Memole Yabanyira ndi Maso a Apongozi

Pa Kasungu pano panalibe wamalonda amene akanandidyera masuku pamutu. Ndinkanena zimenezi pa bawo, pa maliro, paliponse pamene panali makutu awiri opanda chochita. Ntchito yanga inali yogula mbuzi ndi nkhuku m'midzi ya ku Lisasadzi n'kukagulitsa kwa okazinga kanyenya pa boma, ndipo kunenerera mtengo kunandilowa m'magazi ngati malungo. Ngakhale singano ndinkanenerera. Mkazi wanga analeka kalekale kupita nane kumsika, ati ndimamuchotsa ulemu.

Nyengo ya makuponi a feteleza inali nyengo yanga yokolola. Munthu akalandira kuponi amafuna ndalama yokaombolera thumba lake msanga, ndiye mbuzi imachoka m'khola pa mtengo wachisoni. Chaka chimene ndikunenachi ndinali nditangogula foni yamakono yokhudza ndi chala, ndipo makasitomala anga onse ankandipeza pa iyoyo.

Nyengo yomweyo, nazale za fodya zikuthiriridwa m'madambo, panagwa chinkhoswe cha mlamu wanga, mng'ono wa mkazi wanga, chitsirizira m'nyumba ya apongozi anga aakazi. Ine ndine mkamwini pamudzipo. Apongoziwo anali atakhala zaka zitatu ndi ng'ala m'maso onse awiri. Munthu ankamudziwa ndi mawu kapena kayendedwe, chifukwa m'maso munali chifunga chokhachokha. Kuchipatala anali atawalemba kuti akawapale, koma tsiku lake linali patatha masabata awiri chinkhoswe chitachitika, ndipo akuchimuna anakana kusuntha mwambowo poopa mvula.

Achibale atakhala pansi anagwirizana zoitana wojambula wa pa boma. Nditamva mtengo wake ndinaseka mpaka kutsokomola.

"Mbuzi yathunthu ipite chifukwa cha munthu woti adzadyanso mpunga wathu? Nanga foni iyi ndi yosetera nsapato?"

Apongozi anali atakhala kuseri kwa chitseko. Kwathu kuno mkamwini ndi apongozi sayang'anana m'maso, mawu amadzera mwa mkazi. Ndiye anaitana mwana wawo, koma mokweza ndithu kuti ndimve.

"Uwauze akamwini ajambule bwino. Ine ndidzaonera m'mbuyo akandipala."

Ndinayankha kuti asade nkhawa, adzaona mpaka nthenga za tambala.

Foni yanga inali ndi malo ochepa, choncho ndinapita kukagula memole. Pafupi ndi depoti imene anthu ankafola kudikira feteleza panali bambo wina wa thebulo la machaja ndi mabatire. Anandionetsa kakhadi kakang'ono ngati chikhadabo, pamwamba atalemba magiga 32. Anatchula mtengo wa nkhuku zitatu. Ndinachoka kawiri, iye n'kundiitana kawiri, mpaka tinafika pa mtengo wa nkhuku imodzi, yamsoti. Apo munthu wamba akanalipira n'kumapita. Ine ayi.

"Banyira ali kuti, achimwene? Mukandipatsa yopanda kanthu ngati mbale ya kundende?"

Anamwetulira, nalowetsa memoleyo m'kompyuta, n'kundithiriramo nyimbo za makwaya, za chamba cha achinyamata, ndi mafilimu awiri a nkhondo omasuliridwa m'Chichewa. Sanadandaule n'pang'ono pomwe. Ine amene ndimadziwa kuti mwini mbuzi akavomera msanga ndiye kuti mbuziyo ikutsegula m'mimba, tsiku limenelo nzeruyo ndinaisiya kunyumba.

Pa chinkhoswe ndinagwira ntchito ngati wolembedwa. Ndinakwera pa ngolo, ndinakwera pa chulu, ndinagwada m'fumbi ndi thalauza latsopano. Ndinajambula atsikana akubwera atafunditsidwa zitenje kuti mkwati aloze wake, ankhoswe akusinthana tambala ndi thadzi, nkhwangwa ndi lichero zikuperekedwa, perekaniperekani yense. Kadontho kofiira pa foni kankangothwanima. Nyama inatha ine ndisanalawe.

Patapita masiku awiri ndinatulutsa foni pa bawo kuti anzanga aone luso. M'malo mwa chinkhoswe panatuluka uthenga wachizungu woti memole yawonongeka, ndipo foni imafunsa ngati ndikufuna kuifomata. Ndinaseka ngati zachibwana, ndinati batire lachepa, n'kubweza foni m'thumba.

Kunyumba ndinachita zonse zimene ife timachita. Ndinaichotsa n'kuiuzira. Ndinaipukuta pa thalauza. Ndinaiyanika pa denga la chigafa poganiza kuti yalowa chinyezi, ndipo ndinakhala pomwepo kuilondera kuopa nkhuku. Ndinaiyesa m'kafoni ka mabatani ka mkazi wanga iye ali kudimba, ndinaiyesanso mu wailesi. Mu wailesimo makwaya anaimba bwinobwino, koma chinkhoswe zii. Chala changa chinafika kangapo pa mawu oti kufomata aja, koma ndinkachibweza. Sindinkadziwa tanthauzo lake, kungoti mawuwo ankamveka ngati chinthu chosabwereka.

Mkazi wanga sindinamuuze. Apongozi anapita kuchipatala, nabwerako ndi magalasi akuda ndi malangizo oti apewe utsi ndi fumbi. Tsiku lachitatu anazindikira mphaka wawo ali pa mtondo, nati sankadziwa kuti ndi wamawangamawanga. Madzulo ake uthenga unafika kudzera mwa mkazi wanga.

"Amayi akuti maso akonzeka."

"Auze madokotala sakonda kuwala kwa foni sabata yoyamba."

"Dokotala wake uti, bambo a ana?"

"Aliyense."

M'mawa mwake ndinapalasa njinga kupita pa boma. Anandilozera kakantini kamatabwa ka mayi wina wokonza mafoni, wamsinkhu ngati wa mkazi wanga, wolankhula pang'onopang'ono ngati namwino. Pathebulo pake panali laputopu yomanga ndi tepi pakona.

"Mwaifomata?"

"Ayi."

"Mwajambuliramonso china chilichonse?"

"Ayi."

"Ndiye mwachita chinthu chimodzi chanzeru. Khalani apo."

Anatchula mtengo wa nkhuku ziwiri. Ndinayamba nyimbo yanga ija, yoti chaka n'choipa, ndili ndi odwala kunyumba, pakona paja wina wanditchulira theka. Anandipatsa memole yanga m'manja.

"Pitani pakonapo, achimwene. Akakufomatirani mubwere tidzalire limodzi."

Ndinakhala pansi.

Anailowetsa m'kachipangizo kolumikiza ku laputopu. Anati choyamba akopera zonse monga zilili, zabwino ndi zowola zomwe, kuti azigwira ntchito pa zokoperazo osakhudzanso memole yodwalayo. Zinatenga nthawi. Panja akabaza ankadutsa ndi matumba a feteleza, eni ake akuthamanga pambuyo. Kenaka mayi uja anatsamira kumbuyo.

"Munaigula zingati?"

Ndinamuuza, monyadira ndithu.

"Ndiye sanakubereni. Anakupatsani ya mtengo womwewo. Pamwamba alemba 32, m'kati ndi magiga anayi."

Anandifotokozera kuti memole zoterezi amaziphunzitsa bodza. Foni ikafunsa ngati malo alipo, iyo imangoti bweretsani. Malo enieni akadzaza, zotsalazo zimagwera pachabe, ngati kuthira chimanga m'thumba lobooka pansi uku ukuyang'ana kumwamba.

"Komabe magiga anayi akanasunga gawo lalikulu la chinkhoswe chanu. Kungoti munadzaziratu nyimbo ndi mafilimu. Munaziikiranji zonsezi?"

"Anali banyira."

Anandiyang'ana kanthawi, osaseka. Kukanakhala bwino akanaseka.

Anapeza kachidutswa ka vidiyo kamene kanalowa m'malo otsalawo, koma sikankatseguka. Anati foni imalemba kalozera wa vidiyo kumapeto, ukamaliza kujambula, ndipo kalozera wangayo anagwera kunja kwa thumba. Anandipatsa foni yanga n'kundituma panja.

"Kajambuleni chilichonse, kwa kanthawi kochepa. Ndikufuna vidiyo yamoyo ya foni yomweyi kuti yodwalayi ionereko."

Ndinajambula mbuzi ya munthu wina itamangidwa pa mtengo wa mango. Poti ndinali pomwepo ndinafunsanso mtengo wake, koma mwini wake anali wouma mtima. Nditabwerera, mayi uja anaika mavidiyo awiriwo m'pulogalamu ina, ndipo tinadikira, iye akukonza foni ya wina, ine ndikuwerenga misomali ya kudenga.

Dzuwa litapendeka anatembenuza laputopu kuti ndione. Bwalo la kwathu linatuluka, mtengo wa muwanga, anthu pa mikeka, atsikana ofunda zitenje akubwera mogwedera. Zonse zooneka bwino. Koma panalibe mawu ngakhale amodzi. Ng'oma inkamenyedwa mwakachetechete, amayi ankatsegula pakamwa ngati nsomba. Patatha mphindi zisanu ndi ziwiri chithunzi chinaima.

"Mawu sindingawapeze," anatero. "Ndipo kupitirira apa kulibe kanthu. Si kuti zabisala. Sizinalembedwe n'komwe."

Mtima unandigwa, koma pakamwa panga pali ndi moyo wakewake.

"Ndiye mwagwira theka la ntchito, achemwali. Zithunzi popanda mawu ndi nkhuku imodzi."

"Ndifufute theka lomwe ndagwiralo?"

Tinakokanakokana mpaka anachotsako pang'ono, mwina pofuna kuti ndichoke. Anandiuza kuti ndigule memole yeniyeni kwa iye kuti vidiyoyo ikhale pawiri, poti iye zinthu za makasitomala amafufuta tsiku lomwelo. Ndinaona kuti akufuna kubweza zimene ndinamutsitsa zija. Ndinati aike m'foni momwemo, mwaulere. Anaika. Ndinapalasa njinga ndikuimba mluzu, ndikudziuza kuti ngakhale pamaliro a memole ndapulumutsapo kanthu.

Mkazi wanga ndinamuululira tili kuseri kwa khola. Anamvetsera mpaka kumapeto, kenaka anati, "Mbuzi imodzi ija munaiteteza bwino." Analandira foni ndi manja awiri ngati mankhwala, n'kulowa nayo m'nyumba ya amayi ake. Ine ndinakhala pa chitsa pafupi ndi zenera, pamene mkamwini angakhale osaoneka ngati akumvetsera.

Ndinatchera khutu. Kenaka ndinamva apongozi akufunsa ngati foni yadwala pakhosi, mkazi wanga n'kuyankha motsitsa mawu. Ndinayamba kuganizira za kwathu, ngati nyumba ya malemu bambo anga ikadali ndi denga.

Ndiye apongozi anayamba kuimba. Anaimba nyimbo imene amayi ankaimba atsikana aja akulowa m'bwalo, ndipo ankaomba m'manja mogwirizana ndi mapazi a pa foni. Analekeza n'kunena kuti, "Apa mpamene nkhoswe ya kuchimuna inati taloza wakoyo, ukaphonya ulipira." Anaseka. "Uyu wavundukulidwa koyambayu ndinamudziwa ndi kaseka kake. Kani ananenepa chonchi?"

Kenaka mawu anasintha.

"Uyu wakhala pa mkekayu ndani?"

"Ndinu, amayi."

"Ine? Anandiveka chitenje chimenechi ndani? Ndi duku lobiriwira? Anthu inu munandiyendetsa chonchi pamaso pa alendo?"

"Munasankha nokha, munati n'chofewa."

"Ndinasankha ndi manja. Inu maso munali nawo."

Kenaka panafika pamene chitenje chachitatu chimavundukulidwa. Ndinkadziwa malowo. Mlamu wanga akuoneka atawerama, kenaka akudzutsa nkhope pang'ono n'kuyang'ana kumene kunali amayi ake. Zikatero chithunzi chimagwedezeka, n'kuonetsa nsapato zanga ndikutsika pa ngolo, basi. Apongozi anamina. Anati, "Bwezanso." Mkazi wanga anabweza kanayi.

Za tambala ndi thadzi anafunsa kamodzi kokha. Atauzidwa kuti palibe, anati nkhuku anazionapo zambiri pa moyo wawo.

Mkazi wanga anatuluka chimanjamanja.

"Foni?"

"Akuti aonenso mawa."

Mawa lakelo kunabwera amayi a kutchalitchi kudzazonda maso, ndipo anaonetsedwa. Mkuja kunabwera a tsidya la dambo. Apongozi ankakhala pakati ndi magalasi awo akuda, foni m'manja, akuika mawu okha. Tsiku lililonse mawuwo ankakula. Nkhoswe ya kuchimuna inayamba kunena zinthu zimene ine, amene ndinali pomwepo, sindinazimve. Batire likatha foni inkabwera kwa ine kudzera mwa mkazi wanga, ndi uthenga woti ndikatchajitse pa golosale ya sola n'kuibweza anthu asanabalalike.

Apo n'kuti nyengo ya mbuzi ili pachimake. Makasitomala anga akaimba, foni inkalira m'nyumba ya apongozi, ndipo iwo anaphunzira kuyankha. Ndinawamva ndekha tsiku lina akuuza wokazinga kanyenya wanga wamkulu kuti, "Eni ake ali kunja, ife tili pa chinkhoswe." Mbuzi za ku Lisasadzi chaka chimenecho anagula ndi mnzanga wina amene sadziwa n'kunenerera komwe.

Ndinapempha mkazi wanga kuti akawafotokozere. Anati pakamwa pamene panathamangitsa wojambula pakalankhule pokha. Koma mkamwini angaime bwanji pakhomo pa apongozi n'kunena kuti bwezani foni, mwamuona mokwanira mwana wanu? Kuti ndikakopere vidiyoyo pa memole ina pankafunika kupita nayo foni pa boma tsiku lathunthu, ndipo tsiku lopanda alendo silinapezeke mpaka mvula yobzalira itagwa, anthu n'kubalalikira kuminda.

Wa machaja uja anagulitsa memole yake. Mayi wokonza mafoni analandira zake, ngakhale zoperewera pang'ono. Apongozi anaona nkhope ya mwana wawo, ndipo chinkhoswe chimene mudzi wonse ukukumbukira lero ndi chimene anachisimba iwo. Ine pa malonda onsewa palibe pamene ndinalipira mtengo woyamba kutchulidwa, ngakhale pamodzi. Inu amene mwamva zonse, mukuti anapambana ndani?