Madala onola zikwanje ku Old Town

Madala onola mipeni pafupi ndi msika wa Old Town sagwira chikwanje asanafunse kuti, "Chikadula chiyani?" Mayi Rahima, ogulitsa zitumbuwa pambali pawo, ankadabwa nalo funsoli.

Chaka chomwe aphungu anasamuka ku Zomba, maliro a munthu wokhapidwa pamsonkhano wandale asanaiwalike, dalaivala wa bwana wina wachipani wa ku Area 12 anatsitsa zikwanje makumi awiri zatsopano.

"Akuti n'zodulira mpanda wa maluwa," anatero dalaivalayo.

"Mpanda umodzi?" anafunsa madalawo. "Kawauzeni abwana kuti ndinola zonse, koma chikwanje choyamba adzachinyamule mwana wawo wobereka okha. Wotuma ana a eni saopa maliro."

Dalaivala anapakira zikwanjezo zili zobuntha. Mayi Rahima amati mpaka lero madala akumudikirabe mwanayo.