Kangachepe ka a Padayachee

A Vadivel Padayachee ali ndi zaka 68. Mkazi wawo anamwalira, ndipo amakhala ku Chatsworth m'chipinda chakumbuyo kwa nyumba ya mwana wawo wamkazi, Prevashni. Moyo wawo wonse anali weta pa hotela imodzi. Bambo awo analinso weta pa hotela yomweyo ya m'mphepete mwa nyanja ku Durban, ndipo ndi iwo anawalowetsa ntchito ndevu zisanamere, nawaphunzitsa kunyamula mbale zinayi pa mkono umodzi. Alendo ambiri sanavutikepo kudziwa dzina lawo. Ankangokweza chala, iwo n'kufika.

Malipiro a pamwezi ankathera pa lendi ndi basi. Chimene chinalera banja ndi kangachepe, kaja mlendo amasiya pansi pa mbale kapena amakupanikizira m'dzanja potsazika. Akafika kunyumba ankakhuthula matumba, mkazi wawo Saras n'kuika zonse m'chitini cha mpunga. Chitini chimenecho chinagula mafuta ophikira, chinaphunzitsa Prevashni mpaka kukhala namwino, ndipo pamapeto chinayendetsa mwambo wa maliro a Saras yemweyo.

Pa nkhani ya kangachepe anali ndi malamulo awiri, onse a bambo awo. Ndalama ipite m'dzanja limene lanyamula mbale. Ndipo za ndalama imeneyo sakamba pamaso pa bwana. Zaka zomaliza a Padayachee ali pa ntchito, hotela ija inaika bokosi loti onse aziponyamo kangachepe, kiyi n'kumakhala ndi manijala. Mpaka lero akatchula bokosi limenelo amatsonya.

Atapuma ntchito anakanika kukhala pansi. Amadzuka m'mamawa kupukuta matambula opukutidwa kale. Amadya chiimire pafupi ndi sinki, mwachangu, ngati pali wina akuwaitana. Anayesa kulima tsabola kuseri kwa nyumba, koma ankamuthirira mpaka kuvunda.

"Appa, mukundichititsa chizungulire," Prevashni anawauza tsiku lina. "Takhalani pansi."

"Ndakhala kale."

"Liti?"

"Dzulo."

Choncho Prevashni ndi mwamuna wake Kumaren anagula matikiti a sitima yapamadzi ya okapuma, ija imachoka pa doko la Durban kupita kuzilumba za ku Mozambique n'kubwerako. Prevashni anati akufuna aoneko bambo ake akutumikiridwa, ngakhale kamodzi. A Padayachee sanakane. Anapita ku banki, anapempha ndalama zamapepala zatsopano, anazipinda momwe zimafunikira kuti zibisale m'chikhatho, naziika m'thumba lamkati la jekete.

M'sitima munalibe chochita. Ena ankagona padzuwa atadzola mafuta thupi lonse. Iwo ankayala okha bedi wosamala chipinda asanafike, kenaka n'kuyamba kuyenda. Kumutu kwa sitima, kumchira, kubwereranso. Ankayang'ana madzi, n'kutopa nawo, n'kukaima pakhomo la chipinda chodyera kuonerera anthu akuyala matebulo. Ndalama m'menemo sinkagwira ntchito. Chilichonse munthu ankangoonetsa khadi. Zimenezi zinawasowetsa mtendere, ndipo thumba lija ankangoligwiragwira.

Tebulo lawo la madzulo ankalisamala Njaka, bambo wa ku Madagascar, wamfupi, wa ana atatu, imvi zitayamba m'mbali mwa mutu. A Padayachee sanayambe ndi nkhope yake. Anayang'ana manja ndi mapazi. Manja anali abwino: chala sichinkalowa m'mbale, tambula ankaigwira m'munsi. Mapazi anali a munthu woima tsiku lonse, ankaponda chammbali.

"Unayamba kale ntchitoyi?" anamufunsa.

"M'sitima ndi kale, Papa. Koma kuno kumatebulo ndi ulendo wanga woyamba. Ndinali kumtunda, kuja anthu amadzitengera okha chakudya. Ndinkangochotsa mbale zakuda."

"Ndiye wakwera."

"Akundiyesa kaye. Ulendo uno ukatha popanda dandaulo, matebulowa ndi anga, ndipo malipiro asintha. Dandaulo likabwera ndibwerera kumtunda." Analoza ndi chibwano kwa kapitawo wawo, mwamuna wamtali wa suti yakuda amene anaima pafupi ndi chitseko. "Uyo saphethira."

"Onse saphethira. Wathu ankanunkhiza mafoloko."

Njaka anaseka, n'kupita kukatenga msuzi.

Atatha kumwa msuziwo, manja awo anayamba okha. Anatola mbale ya Prevashni, anatola ya Kumaren, anazisanjika pa yawo, masupuni pamwamba, n'kuzikankhira kumphepete kwa tebulo.

"Appa!"

"Asiye," anatero Kumaren. "Mawa tiwapemphere yunifomu. Mwina tibwezako ya matikiti."

Njaka anafika mofulumira, nawerama ngati akufunsa za chakudya. "Papa, chonde. Mlendo akasanja mbale, kwa uyo ndiye kuti ine ndachedwa."

Zinali zoona, ndipo iwo ankadziwa. Anabisa manja pansi pa tebulo. Tsiku lotsatira anapirira mpaka nsomba itatha, kenaka manja anatulukanso. Pokweza mutu, maso awo anakumana ndi a kapitawo uja.

Za kangachepe anazimva kwa Kumaren pa chakudya cham'mawa.

"Musavutike ndi timapepala tanuto, Appa. Zinalowa kale. Tsiku lililonse amadula pa khadi, antchito onse amagawiridwa."

"Amagawa ndani?"

"Ofesi."

"Bokosi," anatero a Padayachee.

"Si bokosi ayi, ndi kompyuta."

"Kiyi ali ndi ndani?"

Kumaren anaseka mpaka kutsamwa ndi tiyi.

Tsiku limenelo sitima inaima pafupi ndi chilumba, anthu n'kutsikira m'timabwato kupita kumchenga. Iwo anapita nawo, anaima pamchengapo ndi nsapato zawo zakuda, jekete osavula, ndipo anabwerera ndi bwato loyamba. Nkhani ya bokosi inawakhala pakhosi. Munthu wanyamula mbale, mapazi akumuwawa, ndalama yake n'kukadutsa m'manja mwa anthu amene tebulolo sanalione n'komwe. Anamva ena akukamba kuti amene wafuna angathe kukachotsetsa ndalamayo ku ofesi ya alendo. Anaona kuti njira ndi imeneyo. Achotsa ya m'bokosi, apereka ya m'dzanja, yoposa pamenepo. Sanauze aliyense.

Tsiku loti mawa afika ku Durban anakaima pamzere wa ku ofesiko. Mzere unali wautali. Kutsogolo kwawo kunali bambo wonenepa wa kabudula wamaluwa, wofiira ndi dzuwa.

"Nanunso mwadzachotsetsa? Mwachita bwino, ankolo," anatero bamboyo potembenuka. "Atidyere chiyani? Anthu amenewa amalipidwa kale."

A Padayachee anamuyang'ana kuyambira kumapazi. Anthu a mtundu umenewu ankawadziwa. Amaitana weta ndi kuliza zala, amabweza nyama kawiri, n'kuchoka osasiya kanthu. Anabweza maso awo kukauntala.

Mayi wa pakauntala anali waulemu. "Pali chimene chalakwika, bambo?"

"Chotsani basi."

"Ndi za kuchipinda kapena za kutebulo? Amakutumikirani ndani?"

"Njaka."

"Wachita chiyani?"

Apa ndi pamene akanalankhula. Koma mayiyo anavala jekete la ofesi, ndipo kumbuyo kwake kunaima wina wa mizere yagolide paphewa. Mabwana. Ukawauza kuti ndikampatsa m'manja, mawa amakamupisa m'matumba. Bambo awo anawaphunzitsa zimenezo asanawaphunzitse kutsegula vinyo.

"Palibe choti ndinene," anatero.

Mayi uja anagwedeza mutu, nadina makina ake. A Padayachee anachoka atapepukidwa, koyamba chikwerereni sitima. Masana amenewo anakhala pampando mpaka kuwodzera, ndipo Prevashni anawajambula chithunzi kuti akaonetse abale.

Madzulo anavala tayi. Ndalama zija anazisamutsira m'thumba lakumanja. Koma msuzi unabwera ndi munthu wina, wamtali, chala chachikulu chili m'mbale.

"Njaka ali kuti?"

"Kumtunda, bwana. Amusintha."

"Chifukwa?"

Weta watsopanoyo anasuzumira kwa kapitawo, n'kutsitsa mawu. "Mlendo wina wachotsa ndalama n'kutchula dzina lake. Kuno zimenezo ndi dandaulo."

Prevashni anaika supuni pansi. "Appa. Mwatani?"

A Padayachee anakankhira mpando kumbuyo. Anaimirira, anapinda kansalu kawo kopukutira pakamwa, nakwera masitepe.

Kumtunda kunali phokoso. Ana ankathamangathamanga, matebulo ali ndi mbale zodzaza zosiyidwa theka. Njaka anali atavala epuloni, akukankha kangolo ka mbale zakuda. Atawaona anaima.

"Papa, mwasochera? Chakudya chabwino chili pansi."

"Ndine ndachotsa."

"Ndikudziwa."

"Ndimafuna ikufike m'dzanja." Anatambasula mkono ngati opereka moni, ndalama zili m'chikhatho. Anazichita mwaluso. Munthu wodutsa sakanaona kanthu.

Njaka anaika manja onse awiri pa kangolo. "Mukandipatsa ndikapereka ku ofesi. Lamulo lake ndi limenelo. Mlendo akachotsa ya pa khadi, ya m'manja si yako. Ndikabisa, mawa andisiya pa doko ndi chikwama changa." Analoza ndi maso kudenga komwe kunali kamera. "Mukanasiya ya pa khadi ija, iyi ikanakhala yanga yonse."

"Sindimadziwa."

"Mukanafunsa weta, Papa. Si inu weta?"

Mayi wina anaitana kuti tebulo lake ndi lonyowa. Njaka anatenga nsalu n'kupita.

A Padayachee anatsikanso. Anayambira ku ofesi, nabwezeretsa ndalama ija pa khadi. Zimenezo sizinavute. Kenaka anakaima pamaso pa kapitawo, munthu wa mtundu umene anaulambalala moyo wawo wonse, ndipo anakamba za kangachepe. Anafotokoza za bambo awo, za bokosi la ku hotela, za mbale zimene anasanja okha popanda wowatuma. Anati Njaka chala chake sichilowa m'mbale, pomwe uyu mwamuikayu akusambira mumsuzi. Mawu ankatuluka movutikira, kolala itanyowa ndi thukuta. Kapitawo anamvetsera manja ali kumbuyo.

"Ndamva, bambo, ndipo ndathokoza. Dandaulo ndilifufuta. Koma matebulo aja ndapatsa kale wina, sindingamulande lero lomwe. Komanso kawiri ndinaona mbale zitasanjidwa patebulo panu."

"Ndinasanja ndine!"

"Weta wabwino amafika mlendo asanaganize zosanja. Inu mukudziwa."

Ankadziwa. Mawu omwewo iwo anawanenapo kwa anthu ambiri ongoyamba ntchito.

"Mpata ukapezeka ndidzamuyesanso," anatero kapitawo, n'kutembenukira kwa alendo amene ankalowa.

Atabwerera kutebulo anapeza nyama yawo itazizira. Kumaren anatsegula pakamwa kuti anene zake, Prevashni anamuponda phazi, ndipo onse anapitiriza kudya.

M'mawa sitima inakocheza pa Durban. Anthu ankakankhana m'makonde ndi zikwama. A Padayachee anakwera kumtunda, anatenga tiyi ndi buledi, nakhala patebulo la mbali ya Njaka. Anadya atakhala pansi. Atatha anasiya kapu pomwe inali, mbale pomwe inali, zinyenyeswazi zili mbwee. Manja anawapanikiza pamaondo. Zala zinkayabwa, koma anadikira mpaka kangolo kanafika.

"Mwaphunzira, Papa," anatero Njaka akupukuta tebulo.

"Mochedwa. Ya pa khadi ndabwezeretsa."

"Andiuza."

"Ndiye iyi ilibe mlandu."

Anaimirira, natambasula dzanja. Ulendo uno Njaka anapukuta lake pa epuloni n'kulandira moniwo. Sanayang'ane kuti ndi zingati. Dzanja linalowa m'thumba n'kutuluka lopanda kanthu, momwe weta amachitira.

"Muyende bwino, Papa. Mukadzabweranso mudzakhale pa manja anuwo."

"Ugule nsapato. Ukuponda chammbali."

Ndalamayo inafika m'dzanja limene linanyamula mbale. Inali yambiri ndithu kwa mlendo mmodzi, koma sinkafika pa zimene matebulo aja akanamupatsa Njaka pamwezi. Onse awiri ankadziwa zimenezo.

Ku Chatsworth a Padayachee anabwerera ku sinki yawo, kudya chiimire. Kumaren akati chaka chamawa akwerenso sitima, iwo amatuluka panja kukathirira tsabola. Prevashni anatenga nambala ya foni ya Njaka, ndipo mwezi ukatha bambo ake amamuuza kuti afunse. Yankho la mwezi watha silinasiyane ndi ena aja. Nsapato anagula. Adakali kumtunda, akukankha kangolo.