Buleki ya Boti la Apongozi

Ndine wa ku Chezi, kumapiri, ndipo madzi akuya omwe ndinkawadziwa anali a m'chitsime. Koma apongozi anga, asodzi a ku Salima, atagula boti la injini, ndinawauza kuti ndimatha kuyendetsa. Ndinkadalira njinga yamoto yomwe ndimanyamulira fodya.

Tinamangirira injiniyo limodzi, ine ndikulankhula ngati makaniko. Titalowa pamadzi anandisiyira chiwongolero. Ndinawonjezera moto monga ndimachitira pachitunda kwathu, boti n'kutukula mphuno, liwiro lake losaneneka. Ndikakankhira kumanja, linkapita kumanzere. Phazi langa linkafunafuna buleki koma linkangoponda ukonde. Tinakathera m'bango, apongozi atagwa chagada, chipewa chawo chikuyandama.

Ndinati injiniyo ndi yolakwika.

Anadzuka bondo likutuluka magazi, n'kuika dzanja lawo pamwamba pa langa. "Mwina ndi yolakwikadi, bambo. Tiyeni tiiphunzire tonse, pang'onopang'ono."

Mpaka lero mkazi wanga amakhulupirira kuti boti la bambo ake linabwera ndi vuto. Anamuuza zimenezo ndi iwowo, ine ndili pomwepo, ndipo sindinatsutse.